Mlandu wa Hatchi ya Tikondwe

Lolemba m'mawa, sukulu zitangotsekera, a Masautso, amene anapuma pa ntchito ya ulangizi wa ziweto, anapalasa njinga kuchokera kwa Maganga mpaka ku Chipoka, kunyumba ya Kelvin, mphunzitsi wa masamu amene anakwatira Tikondwe, mwana wa mlongo wawo. Tikondweyo anali atachoka panyumbapo dzulo lake ali wokwiya, ndipo a Masautso, monga nkhoswe, anabwera ndi madandaulo ake atalembedwa papepala lothothola m'kope.

Anapeza Kelvin pabalaza, mutu uli pa laputopu, akusewera gawo lachiwiri la gemu ina ya malupanga ndi zinjoka.

"Odi kuno."

"Lowani, amalume. Mundipatse kamphindi, ndikufa."

A Masautso anaima pakhomo, phazi limodzi mkati. "Mukufa?"

"Basi, ndafa. Takulandirani. Khalani pampandopo."

Analonjerana. Kelvin anabweretsa madzi m'kapu, a Masautso anamwa kwinaku akumuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Akamwini, mukuonekatu bwinobwino."

"Si ine amene ndafa. Ndi uyu." Kelvin analoza pagalasi la laputopu, pamene munthu wovala chipewa cha nthenga anali atagona chafufumimba pamlatho.

"Ameneyu ndani?"

"Ndine."

A Masautso anavala magalasi, anasendera pafupi. "Uyu ali ndi tsitsi lofika m'mapewa."

"Umasankha wekha nkhope. Ndinatha maola awiri ndikumukonza. Gawo loyamba kunali nkhope zinayi zokha, koma kunoko ngakhale mphuno umaikoka mmene ukufunira."

"Nanga dazi lanuli munalisiya kuti?"

"Silinali pa mndandanda."

"Chabwino." A Masautso anatulutsa pepala m'thumba la malaya, analitambasula pabondo. "Ine ndatumidwa. Mwana wafika kwa mayi ake dzulo masana, sanadye, akuti kuno sabwerera mpaka nkhani izi zitakambidwa. Choyamba. Akuti munagulitsa hatchi yake."

"Sindinagulitse. Ndinasinthanitsa."

"Ndi chiyani?"

"Ndi chipewa."

"Chipewa chimodzi?"

"Cha nthengacho. Chimawonjezera ulemu ukamalankhula ndi anthu akuluakulu."

A Masautso anaika kapu pansi. "Ine ndagwira ntchito ya ziweto zaka makumi atatu ndi chimodzi. Abulu ndawabaya jekeseni, nkhumba ndazifula, ngakhale nyani wa mzungu wina ndinam'mangapo bala. Hatchi sindinalembepo m'kaundula wanga. Khola lake lili kuti?"

"Kulibe khola."

"Imagona panja?"

"Amalume, hatchi kulibe. Ndi ya mu gemu."

"Kulibe."

"Kulibe."

"Ndiye mwini chipewa munam'patsa chinthu choti kulibe. Kumeneko ndi kuba, akamwini."

"Chipewanso kulibe."

"Ndikuchionatu apa."

Kelvin anapuma mozama. "Hatchiyo ili mkati umu. Tinaipeza ndi Tikondwe m'gawo loyamba. Gawo lachiwiri likamayamba, imabwera nawo."

"Imadya chiyani?"

"Siidya."

"Chiyambire?"

"Chiyambire chaka chatha."

"Iii. Nanga wogulayo munamuuza kuti chiweto chake sichikudya?"

"Siimafunika kudya. Ndipo kunena zoona, hatchi ya gawo lachiwiri ndi yachabechabe. Ukaiitana imatulukira pamwamba pa denga. Ukafuna kukhota, imakakamira pamtengo."

"Ameneyo ndi matenda a nkhupakupa. Zikafika kuubongo, chiweto chimazungulira pamodzimodzi. Munaisambitsapo kudibi?"

"Tipite pa chachiwiri, amalume."

"Tisanapite. Mwati gawo loyamba, gawo lachiwiri. Ndi chitukuko?"

"Ndi nkhani yopitirira. M'gawo loyamba tinapulumutsa dziko lonse. Tinapha chinjoka cholavula moto, tinamanganso midzi, mfumu ya dzikolo inatipatsa lupanga lagolide pamaso pa anthu. Ndiye ndikutsegula gawo lachiwiri, ndikupeza dziko laphwasukanso, chinjoka china chabwera, ine ndikudzuka m'ndende nditavala kabudula yekha."

"Lupanga lija?"

"Kulibe."

"Linapita kuti?"

"Sanafotokoze."

"Komiti munasiya?"

"Komiti ya chiyani?"

"Yoyang'anira zimene munamanga." A Masautso anagwedeza mutu ngati munthu wodziwa. "Kwathu anabwera ena, gawo loyamba, anatikumbira mjigo. Patatha zaka zitatu anabweranso, gawo lachiwiri, ndi magalimoto atsopano, kudzatiphunzitsa kuti madzi ndi ofunika. Mjigo unali utafa kalekale. Chikwangwani chokha ndiye anachipentanso. Kwanuko chikwangwani chinatsala?"

"Pali chipilala changa pamsika."

"Mwaona. Ndi anthu omwewo."

"Si chitukuko, amalume. Amakulanda zonse dala kuti uyambirenso pansi, uzimva kukoma pokwera."

"Ifenso anatiuza choncho."

Kelvin anakanda padazi. "Nkhani ndi yakuti m'dzikomo ine ndine wosankhidwa. Ndine ndekha amene ndingalipulumutse."

"Anakusankhani ndani?"

"Ulosi."

"Munapikisana ndi ndani?"

"Palibe."

"Mmm." A Masautso analemba kanthu m'mphepete mwa pepala. "N'chifukwa chake simumva za anthu. Chachiwiri. Akuti mumalowa m'nyumba za eni osaodira, n'kumaswa mitsuko."

"Aliyense amatero. Mumakhala zinthu m'mitsukomo."

"Za ndani?"

"Za amene wazipeza."

"Eni nyumba amakhala ali kuti?"

"Amakhala pomwepo."

"Akuona?"

"Akuona. Ena amandithokoza. Amati, dziko likudalira inu."

"Mukuwaswera mitsuko."

"Eya."

"Zimenezo ndinazionapo. Munthu amabwera ndi galimoto, amakudyera mbuzi, iwe n'kumuvinira mpaka pamsewu. Koma sindinkadziwa kuti m'banja mwathu muli wotero."

"Amalume, ndikanakhala woipa sindikanathandiza anthu. Dzulo lomweli ndinatha ola lathunthu ndikufunira mayi wina bowa khumi."

"Chinjoka chili kuti nthawi imeneyo?"

"Chimadikira."

"Chikuwotcha midzi?"

"Chimawotcha ukafika. Ukapanda kupita, sichiyamba."

"Ndiye osangokhala osapitako bwanji? Anthu apume."



A Masautso anadzuka, anakatseka chitseko, anabwerera pampando ndi kutsitsa mawu. "Chachitatu ndi chimene chandipalasitsa njinga osamwa tiyi. Akuti pali mayi wina. Wa makutu aatali."

"Aa, ameneyo."

"Simukukana."

"Ndikane chiyani? Ndi mnzanga wa paulendo. Amaponya mivi."

"Makutuwo ndi aatali bwanji?"

Kelvin anaika zala m'mbali mwa mutu, analoza nazo kudenga.

"Oima kapena ogwa?"

"Oima."

"Ali ndi miyendo ingati?"

"Ndi munthu, amalume. Mtundu wawo ndi wotero. Amakhala m'nkhalango."

"Makolo ake akudziwa?"

"Ali ndi zaka mazana atatu."

"Ndiye ndi wamkulu kuposa agogo anu. Akamwini, atsikana onse ali m'Chipoka muno, ngakhale sindikukulimbikitsani, inu n'kukasankha nkhalamba ya m'tchire?"

"Sindinasankhe aliyense."

"Apa palembedwa kuti munam'patsa mphete. Tikondwe ali pompano, akuona."

"Ndinangodina batani. Gemu imakupatsa mayankho, iwe umasankhapo limodzi. Panali atatu. Kum'patsa mphete, kumunyoza, kapena kungokhala chete."

"Kungokhala chete kunalipo?"

"Kunalipo."

"Pomwepo, pafupi?"

"Pansi pake."

"Inu simunadine."

"Ndinkafuna ndione chimene chichitike."

"Chachitikatu. Mkazi wanu ali kwa Maganga."

Kelvin anasuntha pampando. "Mayiyo si weniweni. Aliyense amene wagula gemuyi padziko lonse amakumana naye, ndipo amamuuza mawu omwewo."

"Aliyense?"

"Aliyense."

"Ndiye khalidwe lake mukulidziwa, koma mphete munaperekabe. Munaigula kuti?"

"Sindinagule. Inali m'thumba la msilikali wina."

"Anakupatsani?"

"Anali atafa."

A Masautso anavula magalasi, anawapinda, anawaika patebulo. "Anafa ndi chiyani?"

"Ndinamupha ndine. Anayamba ndi iyeyo."

"Kenako munapisa m'thumba mwake."

"Umayenera kutero. Nsapato zimene ndavalazi ndi zakenso."

"Maliro ake anayenda bwanji?"

"Kulibe maliro. Thupi limangozimirira pakapita kanthawi."

"Izi sizinalembedwe apa," anatero a Masautso, akuyang'ana pepala lawo mwachisoni. "Mwana uja anakubisirani zambiri. Amakukondani."

"Amalume, mverani. Palibe amene wafa. Palibe mayi, palibe mphete, palibe msilikali. Ndi zithunzi zoyenda. Tayang'anani udzuwu mmene ukugwedezekera ndi mphepo, madziwa mmene akunyezimira. Gawo loyamba madzi ankangokhala ngati lata. Apa ndiye anagwira ntchito, ngakhale laputopu ikutentha ngati mbaula."

"Ndi malo abwino ndithu. Msipu ulipo. Hatchi ija ikanachira kumeneku." Anavalanso magalasi. "Chachinayi. Akuti mwakhala pamlatho masiku atatu, ndipo simufuna kufunsa njira."

"Njira ndikuidziwa. Ndi pamlatho pomwepo."

"Nanga osawoloka?"

"Pali chimphona cha nyundo. Chimalondera."

"Chimati chiyani?"

"Chimati, bwerera, sunakonzeke."

"Ndiye bambowo akunena zoona."

"Sakunena zoona. Ine ndinamaliza gawo loyamba lonse. Vuto ndi lakuti anasintha mabatani. Limene linali lotchingira, pano ndi lodumphira. Ndikati nditchinge, munthu akudumphira m'madzi."

"Sanakuuzeni kuti asintha?"

"Pamayambiriro pali phunziro lake. Ndinalidumpha."

"Chifukwa?"

"Andiphunzitse ndani? Ine?"

"Mwana wa m'kalasi mwanu atati, masamu a chaka chino sindimvera chifukwa a chaka chatha ndinakhoza, mungatani naye?"

"Zimenezo n'zosiyana."

"Mtsinjewo ndi wakuya?"

"Munthu wanga sasambira."

"Wokhala ku Chipoka? Bwato kulibe?"

"Sindinafufuze. Ndikufuna kudutsa pamlatho."

"Anthu atatu aima uko ndi ndani?"

"Anzanga a paulendo. Ndinawauza adikire."

"Osakuthandizani?"

"Amalongolola. M'gawo loyamba anzako ankangomenya nkhondo basi. Awa aliyense ali ndi mavuto a kwawo. Uyu mchimwene wake anasowa, uyu anathamangitsidwa kumpingo wa amatsenga, mayi wa makutu uja akudandaula za mitengo. Ukangoima pang'ono, wina wayamba, ndili ndi nanu mawu. Ine ndabwera kudzamenya chinjoka, osati kudzakhala nkhoswe."

"Unkhoswe ndi ntchito yolemekezeka."

"Sindikunena inu, amalume. Taonani, ndikuonetseni. Ulendo uno ndidutsa."

Kelvin anakokera laputopu pafupi. Munthu wa chipewa uja anadzuka pambali pa moto, anathamangira pamlatho lupanga lili m'mwamba. Chimphona chinatukula nyundo kamodzi kokha. Chipewa chinagwera uko, mwini wake uku.

A Masautso anavula chipewa chawo, anachigwira pachifuwa. "Kameneka n'kachingati?"

"Kamakumi anayi ndi kasanu ndi kawiri."

"Ndipo mumadzukanso."

"Pamoto paja."

"Tsiku lachitatu?"

"Nthawi yomweyo."

"Izi musakazinene kutchalitchi." Anasuzumira pagalasi. "Palembedwa chiyani apa?"

"Chipongwe. Ikundifunsa ngati ndikufuna kuti indichepetsere ukali wa adani."

"Imatheka?"

"Imatheka."

"Kwaulere?"

"Kwaulere."

"Ine zaka zonsezi palibe anandifunsapo ngati ndikufuna andichepetsere mavuto. Vomerani, akamwini."

"Bola kufa."

"Mukufa kumene."

Kelvin anadina batani lokana mwamphamvu moti tebulo linagwedera. A Masautso anamusiya apume, kenako anasalaza pepala lawo ndi chikhatho.

"Chachisanu ndi chachifupi. Akuti munanyamuka osamudikira."

Kelvin anayang'ana pawindo, kumene mbuzi ya oyandikana nawo inali kununkhiza tayala la njinga ya alendo.

"Apa sindinamvetse," anapitiriza a Masautso. "Ndinam'funsa kuti wapita kuti mwamuna wako, akuti ali pabalaza. Ndiye munanyamuka kupita kuti?"

"Akunena gemuyi."

"Fotokozani."

"Chaka chimene ananditumiza kuno sitinkadziwa munthu aliyense. Ine wa ku Mulanje, iye makasitomala osoketsa zovala asanam'zolowere. Ndiye tinkasewera gawo loyamba awiri. Ine ndinkamenya nkhondo, iye ankawerenga mapu ndi kulankhula ndi anthu. Hatchi ija anaipeza ndi iye, anaipatsanso dzina."

"Dzina lake ndani?"

"Nachisale."

"Dzina la mayi ake limenelo."

"Anati imayenda ngati iwowo, mosafulumira koma imafika."

A Masautso anatsokomola kuti abise kuseka. "Pitirizani."

"Gawo lachiwiri litatuluka tinalikopera masabata awiri apitawo, netiweki ikuduladula. Koma ine ndinali ndi mayeso oti ndichonge. Ndiye tinagwirizana kuti tidikire sukulu zitseke."

"Munalonjeza?"

"Sikunali kulonjeza kwenikweni."

"Munati chiyani?"

"Ndinati tidzayambira limodzi."

"Kwathu kumeneko timati kulonjeza. Sukulu zinatseka liti?"

"Lachisanu."

"Iye anali kuti?"

"Anapita ku Salima kukagula ulusi ndi mazipi."

"Anabwera nthawi yanji?"

"Cha m'ma folo."

"Inu munayamba nthawi yanji?"

"Cha m'ma wani. Ndinkangofuna ndione ngati ikutseguka."

"Inatseguka."

"Inatseguka."

"Atabwera munapepesa?"

"Ndinamuuza akhale pansi aziona."

"Aziona. Masiku atatu." A Masautso anawerenga ndi zala. "Anaona mukusinthanitsa mayi ake ndi chipewa. Anaona mukupereka mphete. Anaona mukufa mobwerezabwereza. Ananenapo kanthu?"

"Ankangoluma milomo. Loweruka anati, bwanji osatenga anzakowo. Ndinamuuza kuti za nkhondo ndi zanga."

"Akamwini, ine za zinjoka sindizidziwa. Koma munthu amene munagwirizana naye ulendo, mwamusiya pasiteji maola atatu okha asanafike, atabwera mwamukhazika kumbuyo ngati katundu. Kaya dzikolo liliko kaya kulibe, wosiyidwayo alipo. Ndamuona ndi maso angawa, wakhala pamkeka, sakulankhula."

Kelvin anaweramitsa mutu. 

"Ndalakwa," anatero pomaliza.

"Ndilembe?"

"Lembani."

A Masautso analemba pang'onopang'ono, chilembo chimodzichimodzi. "Ndiye mukonza bwanji?"

"Ndifufuta zonse zimene ndasewera. Akabwera tiyambire limodzi, kuyambira m'ndende muja."

"Hatchi ibwerera?"

"Ibwerera."

"Mphete?"

"Ibwerera m'thumba la msilikali."

"Msilikaliyo?"

"Adzakhalanso moyo."

"Nanga zonsezi osazichita Lachisanu lomwelo bwanji? Fufutani ndikuona."

Kelvin anatuluka m'masewerowo, anatsegula tsamba limene limasunga maulendo a osewera. Chiyambireni anali asanalitseguleko, ankangodina popitiriza. Chala chake chinaima m'malere.

"Chavuta n'chiyani?"

"Pali mayina awiri."

"Lina ndi la mayi wa makutu?"

"Ayi." Kelvin anasendeza nkhope pafupi ndi galasi. "Langa ndi ili. Maola khumi ndi anayi, levulo yachitatu. Pansi pake palembedwa Tiko."

"Tiko ndi Tikondwe."

"Maola makumi atatu ndi limodzi. Levulo khumi ndi zinayi."

"Zambiri ndi zabwino kapena zoipa?"

Kelvin anadina dzinalo. Pagalasi panaoneka mzimayi wovala zachitsulo zonyezimira, ali pamsana pa hatchi yofiirira, pakati pa mzinda wa nsanja zazitali. Anzake atatu aja anali pambali pake. Kutali kumbuyo kwawo, kakang'ono ngati kachitsotso ka machesi, kunkaoneka mlatho.

"Hatchi ija ndi imeneyi?" A Masautso anamwetulira koyamba chifikire. "Yapezeka. Ikuonekatu yonenepa. Tayang'anani nthiti, sizikuwerengeka. Uyu ndiye amadziwa kusunga chiweto."

"Amalume, anawoloka."

"Ndikuona."

"Tayang'anani masikuwa. Anayamba Lolemba, sabata yomwe tinakopera. Hafu seveni mpaka thwelofu. Lachiwiri chimodzimodzi. Lachitatu. Tsiku lililonse ine ndikangotuluka kupita kukalasi. Madiresi a kwaya ankati akuchedwa chifukwa makina akudula ulusi."

"Mwina ankadula."

"Ndinawanyamula makinawo pamutu mpaka kwa okonza. Anandiuza kuti alibe vuto, ine n'kukangana nawo."

"Ndiye tinene kuti ananyamuka ndani osadikira mnzake?"

"Iyeyo. Sabata ziwiri zathunthu." Kelvin anaimirira, anayamba kuyendayenda pabalaza. "Masiku atatu onsewa wakhala apa akundiona ndikufa, njira akuidziwa. Sakanandiuza chifukwa ndikanam'funsa kuti wadziwa bwanji. Ndiye kuluma milomo kuja sikunali chisoni. Sukulu zatseka, ine ndili pakhomo tsiku lonse, laputopu sakuigwiranso. Nkhani ndi imeneyo. Fufutani paja mwalemba kuti ndalakwa."

"Ndalemba ndi bolopeni."

"Khwatchani."

"Munalakwabe. Pamene munkayamba simunkadziwa kuti mnzanu anayamba kale."

"Ndiye lembani kuti talakwa tonse, koma iye kwambiri. Mlandu watembenuka, amalume. Ndiimbira ankhoswe anga ku Mulanje lero lomwe."

"Musafulumire. Ndisanayankhe ndione kaye kuseri. Anati ndikamaliza zisanuzi nditembenuze pepala, walembako yekha zoti ndichite."

A Masautso anatembenuza pepala, analitalikitsa pang'ono ndi maso, anawerenga mokweza ngati kalata ya kumpingo.

"Akavomera kulakwa, mutenge laputopuyo ibwere kuno ngati chindapusa."

"Ndabweza kuvomera kwanga. Ndikukana."

"Akakana, muitenge ibwere kuno ngati umboni."

Anapinda laputopu mwaulemu, anavundukula nsalu ya patebulo, anayamba kuikulunga bwinobwino ngati mwana wakhanda.

"Dikirani kaye," anatero Kelvin, atatsekereza pakhomo. "Nanga ndikam'gwira iyeyo, ngati mmene ndam'gwiriramu? Pamenepo walemba kuti chiyani?"

A Masautso anafufuza pepala lonse, m'mwamba ndi m'munsi, mpaka m'mphepete mothothoka.

"Pamenepo sanalembepo. Pangotsala mzere umodzi wokha." Anatambasula dzanja. "Akuti, amalume, musaiwale chaja."